Chilape, Aise! Kalata ya ku Joni

Zingwangwa, Blantyre

Aise,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko. Kuno tilipo, kungoti dzuwa la chaka chino latikhaulitsa. Usiku tikumagona mazenera ali chitsegulire, udzudzu n'kumachita phwando. Mwina ukudabwa kuti lero bwanji ndalemba chikalata chachitali chonchi m'malo mongokuponyera voisi pa WhatsApp monga mwa masiku onse. Nkhani yake ndi yakuti Loweruka lapitali ndinaluza masewera pakhonde la nyumba yanga yomwe, ana anga akuona, ndipo mlandu umenewu mbali ina ndi wako. Ukanakhalapo sindikanayaluka chotero.

Magetsi anathima cha m'ma 6 koloko madzulo. Kunyumba kunali alendo: mayi anabwera kuchokera kumudzi kudzapimitsa maso, malume aja anakhalitsa ku Harare ndi amene anawaperekeza, ndiye panalinso mng'ono wawo wa alamu ako. Titadya nsima ya pa mbaula tinayala mkeka pakhonde, ana n'kuyamba kung'ung'udza kuti mafoni atha moto. Mayi anati, "Kale ikafika nthawi ngati ino tinkaponyerana zilape." Mwana wanga wamkulu uja, wa Fomu 2, anayankha mwamwano kuti zilape za agogo anazimaliza kalekale, nyumba yopanda khomo ndi dzira, palibe chachilendo. Pamenepo mlamu wanga wamng'onoyo anati, "Ndiye tiyeni tiponye za mapulogalamu akale a pa TV, tione ngati uzimalizenso."

Malamulo tinapangira pomwepo. Woponya asatchule dzina la pulogalamu kapena la wosewera. Atha kufotokoza, kung'ung'uza kanyimbo koyambira, kapena kudzuka n'kuyesezera kayendedwe ka munthuyo. Wolasa yankho amalandira chitsekerero cha botolo, ndipo onse akalephera amubaire ng'ombe woponyayo monga mwa mwambo wa zilape. Mafoni amene anali ndi kamoto tinawasonkhanitsa m'lichero, mayi n'kulikhalira pafupi ngati apolisi. Wogwira foni, chitsekerero chimodzi chapita.

Ndinayamba ndine, ndipo ndinayamba ndi chofewa. "Chilape!" Onse, "Nachize!" Ndinati pali bambo wina wamkulu ndithu, wa jekete ndi tayi, koma amagona ndi chidole, sayankhula kwenikweni, ndipo kagalimoto kake amakhoma ndi loko wa pachitseko. Ndisanamalize n'komwe kamtsikana kanga kaja kanakuwa, "Mr Bean!" Ndinadabwa kuti kamudziwira kuti, kenaka ndinakumbukira kuti masiku ano aliponso wa makatuni. Ukudziwa kuti wa munthu weniweni uja, wa Rowan Atkinson, anangojambula zigawo 15 zokha? Ife tinkayesa zilipo mazanamazana, osadziwa kuti tikungoseka zomwezomwezo chibwerezebwereze.

Mlamu sanayankhule kanthu pa ulendo wake. Anangong'ung'uza kanyimbo, alamu ako n'kulumpha pamkeka ngati alumidwa ndi linthumbu: "Generations!" Aise, apa masewera anaima kaye pafupifupi theka la ola, chifukwa amayi awiriwa anayamba kukumbutsana za Karabo ndi Tau, za miseche ya Queen, za ukali wa Sibusiso Dlomo, ngati akukamba za achibale amene anasamukira kutali. Ine ndinakumbukira mmene Zingwangwa inkakhalira zii ikakwana 8 koloko usiku. Paja nthawi ya kuno ndi ya kumeneko n'chimodzimodzi, ndiye SABC1 ikamayamba seweroli ku Johannesburg, kunonso mbale zinkasiyidwa zosatsuka. Timadikoda totchipa tija, Philibao ndi Wiztech, tinasandutsa theka la tauni ino kukhala nzika za South Africa za usiku wokhawokha. Anthu ankadziwa za nyengo ya ku Polokwane kuposa ya ku Nsanje. Atatseka ma SABC mu 2013 m'nyumba zambiri munali ngati mwagwa zovuta. Chaka chotsatira tinangomva kuti osewera 16 awachotsa ntchito nthawi imodzi atanyanyala pa nkhani ya malipiro, ndipo seweroli litabwereranso linali ndi nkhope zina. Alamu ako mpaka lero akuti lawo linathera pamenepo.

Ndakhala ndikufuna kukufunsa: Chizulu cha pa Generations chija chinakuthandizako utangofika? Paja unkadzitama kuti ukakatsika basi ku Park Station palibe adzakuzindikire kuti ndiwe mlendo. Ndiuze zoona, aise, chifukwa ine ndikukayika ngati "yebo" ndi "eish" zinakufikitsa patali.

Kenaka malume anakonza kukhosi. Anaponya cha bambo wina woseketsa, wa banja losatha mikangano, amenenso anali katswiri woimba. Tinayesa uku, tinayesa uku, osalasa. Tinawabaira ng'ombe, iwo n'kuikana kuti ndi yowonda, mpaka tinawabaira ina yonona. Yankho lake akuti Mukadota, wa pa ZBC, dzina lake lenileni Safirio Madzikatire. Tinachita apilo kuti zimenezo ndi za kwa eni, ife tikanazionera kuti? Malume anangoseka n'kuti si mlandu wawo kuti ife tinachedwa. Ndipo apa anatipezerera: ku Zimbabwe kanema anayamba mu 1960, ku Zambia mu 1961, ku South Africa komwe uliko mu 1976. Ife kuno, ulamuliro wonse wa Kamuzu unatha popanda siteshoni ya kanema. TVM inadzatsegulidwa nthawi ya a Muluzi, pa 1 April 1999, tsiku la anthu opusa, moti sindikanamudzudzula munthu woganiza kuti akungomunamiza. Mwana wanga atamva chaka chimenecho anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti ndinabadwira kuphanga. "Adadi, ndiye musanakwanitse zaka 14 munkaonera chiyani?" Ndinati tinkaonera mpira wa chikulunga ndi ndewu za pa mpopi.

Mayi nthawi yonseyi anali chete. Mwadzidzidzi anati malamulowa ndi okondera, iwo kanema wawo anali wa m'mutu, ndipo ngati wailesi siloledwa akukagona. Ndani angawatsutse? Anaponya ziwiri motsatizana, Kapalepale ndi Pamajiga, akuyesezera mawu a amuna mpaka kutsokomola. Cha Kapalepale malume analasa, cha Pamajiga ndinalasa ine mwamwayi chabe. Kenaka anayamba kufotokoza mmene mudzi wonse unkazungulirira kawailesi kamodzi ka Nzeru pabwalo, mabatire ake ataanikidwa padzuwa tsiku lonse kuti alimbeko. Ndinaona kuti ana anasiya kuyang'ana lichero la mafoni lija.

Chimene chinatigwetsa ndi phwete ndi cha Tikuferanji. Alamu ako anadzuka, anakweza chitenje ngati buluku lofika m'chifuwa, n'kuyamba kuyenda ndi kukalipa ngati Manganya. Akulu tonse tinalasa nthawi imodzi, koma ana anangoti kakasi. Nditawauza kuti munthu ameneyu ndi a Michael Usi, amene anadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024, mnyamata uja anakana kwamtuwagalu. Iye amawadziwa ali pa nsanja ya ndale basi. Ife tinawadziwa akutiseketsa uku akutiphunzitsa za Edzi, nthawi imene maliro ankachita kupanikizana pamsewu wa kumanda. Zinali zachilendo ndithu kuona nkhani imene makolo ankangonong'onezana ikukambidwa mokweza pabalaza, apongozi ali pomwepo. Titachoka apo tinakumbukiranso Izeki ndi Jakobo, a John Nyanga ndi a Eric Mabedi, ndipo kuseka kunazirala pang'ono, poti onse awiri anatisiya.

Mkangano weniweni unabuka pa Big Brother Africa. Poyamba malume anati imeneyo si pulogalamu, ndi kusuzumira m'nyumba za eni. Titawagonjetsa, mlamu anaumirira kuti Mmalawi woyamba kulowa m'nyumbamo anali Code Sangala. Ine ndinati ayi, woyamba anali Zein Dudha mu 2003, chaka chimene anapambana Cherise wa ku Zambia, pamene Code analowa mu 2007. Ndikukumbukira bwino chifukwa 2003 yomweyo aphungu a Nyumba ya Malamulo analetsa TVM kuionetsa ati ikuwononga chikhalidwe, khoti n'kudzachotsa chiletsocho. Mlamu anafuna kutambasulira dzanja ku lichero kuti afunse Google, mayi n'kumumenya pa chala ndi chipande. Tinagwirizana pa chimodzi chokha: za Hazel mu 2008 zimatiwawabe. Kufanana mavoti a mayiko ndi Ricco wa ku Angola, kenaka n'kuluza pa maperesenti! Usiku umene uja unatukwana mpaka eni nyumba anakutulutsa panja, usakane.

Pofika apa ndinali patsogolo ndi zitsekerero zisanu, alamu ako zinayi. Tinapangana kuti chomaliza chikhale cha zitsekerero zitatu, ndipo woponya akhale iwowo. Chikandikanika, zitatuzo n'zawo. Anakhala kaye chete, kenaka anati: "Ndilibe mawu, ndilibe nkhope, sindigwedezeka. Ndavala malaya a mizeremizere. Koma anyamata awiri ankandidikirira pawindo la eni ake, osaphethira."

Aise, ndinatchula chilichonse chimene ndikuchidziwa. Ndinati Music Splash, anati ayi. Ndinati nkhani za madzulo, ayi. Ndinafika potchula nyimbo ya fuko. Ana akuseka, malume akuwerenga mpaka teni mokweza. Ndinabaira ng'ombe. Yankho lake? Mizere ya mitundu ija inkakhala pa sikirini siteshoni isanatsegule. Ndipo anyamata awiriwo ndi iwe ndi ine.

Ndinali nditaiwaliratu kuti nkhani imeneyi ndinawauzapo tili pachibwenzi. Koma atangoitchula zonse zinabwerera. Nyumba ya aphunzitsi aja kumtunda kwa msika, yokhayo ya TV mu mzere wonse wathu. Mlongoti wa nsungwi womangirira ku mtengo wa mango, mwana wawo atakwera pamwamba kupotoza eriyo, bambo ake akukuwa m'nyumba, "Pamenepo! Ayi, wabwezanso mpunga! Bwerera pang'ono!" Ife tinkafika dzuwa likadalipo kuti tipeze malo abwino pawindo, chifukwa ukachedwa umaonera kudzera m'khwapa mwa mnzako. Ndiye tinkaimadi pamenepo kuyang'ana mizere yosayenda, wina n'kumati wobiriwira ndi wanga, wina wofiira ndi wanga. Amayi a m'nyumbamo akakhala kuti adzuka bwino ankatilowetsa, koma poyamba ankatiyendera mapazi, wa fumbi akasambe kaye pa mpopi. Akakhala kuti sanadzuke bwino ankangokoka katani, ife n'kutsala ndi mawu okha, kanema wa m'mutu ngati wa mayi uja.

Chimene chandidabwitsa sabata yonseyi n'chakuti za m'masewero enieniwo ndaiwala zambiri. Undifunse kuti Karabo anakwatiwa kangati, sindingayankhe. Koma fungo la utsi wa mbaula ya m'nyumba ija, kuzizira kwa zitsulo za pawindo pa chipumi mwezi wa June, ndi mmene unkandipondera dala kuti ndisunthe, zimenezo zili mbee ngati zadzulo. Ana anga ali ndi matchanelo osawerengeka ndi YouTube pamwamba, aliyense kuonera zake payekha kuchipinda. Ndinayesa kuganiza kuti akadzakula adzaponyerana zilape zotani, poti palibe awiri amene anaonera chinthu chimodzi nthawi imodzi. Mwina adzapeza zawo, kaya. Mnyamata uja wandiuza kale kuti akukonza zake za ulendo wotsatira ndipo palibe wamkulu adzalase ngakhale chimodzi.

Magetsi anayaka cha m'ma 10 koloko, koma palibe anathamangira rimoti. Alamu ako anatolera zitsekerero zawo zisanu ndi ziwiri n'kuziika pamwamba pa kabati, pomwe zili mpaka lero kuti aliyense wolowa afunse. Chilango changa chinali kutsuka mapoto Lamulungu, ndipo malume anachita kutulutsa mpando kuti aonerere bwino.

Tsopano ndi nthawi yako, ndipo Google usayigwire, ndidzadziwa. Chilape! Tauni ya mgodi wa golide yosapezeka pa mapu, kumene bambo wina wachuma ankagula aliyense koma mwana wake wamkazi ankamupweteketsa mutu. Chilape china! Munthu wamtali wa zovala zakuda, amene anamukwirirapo m'manda ife tikuona koma anadzukanso, ndipo akamalowa magetsi ankathima, belu n'kulira. Uyu tinkamuonera ku video show ya kumsika, iwe utandilipirira chifukwa ndalama yanga ndinadyera zitumbuwa. Chachitatu n'chovuta: tsiku lija aphunzitsi anazimitsa TV pakati pa pulogalamu n'kutithamangitsa tonse, anaswa mphika wa maluwa pansi pa windo ndani? Ine yankho ndikulidziwa, ndipo zaka zonsezi mlandu wake ndakhala ndikusenza ndine.

Uyankhe mwezi uno usanathe. Ukalephera, ng'ombe yanga ubwere nayo pa Khirisimasi, ndipo ikhale yonona kuposa ya malume. Upereke moni kwa alamu ndi ana. Mayi akuti ukamabwera usaiwale bulangete lija unawalonjeza.

Ndine mnzako wa pawindo.