Kalata kwa Mkulu wa National Commission for Science and Technology: Mpikisano wa Zibaluni za Sayansi

Wolemekezeka Bwana,

Ife aphunzitsi a sayansi tikupempha kuti bungwe lanu likhazikitse mpikisano wa zibaluni zokwera m'mwamba kwambiri wa ophunzira a sekondale, ndipo nkhani ya zilolezo muisenze inuyo. Mphunzitsi payekha sangathe kuyenda ku ofesi yoona za ndege kuti oyendetsa ndege achenjezedwe, n'kupitanso ku MACRA kukapempha chilolezo cha wailesi. Ntchito yotsalayo ana angaigwire.

Chibaluni cha magalamu 1,000 chimafuna mpweya wa helium pafupifupi makiyubiki mita atatu kuti chinyamule kabokosi ka zipangizo zasayansi kolemera theka la kilogalamu. Hydrogen ndi wotchipa, koma amayaka, choncho asamagwiridwe ndi ana. Chikapopedwa bwino chimakwera mamita 5 pa sekondi, chikutupa pamene mpweya wozungulira ukuchepa, mpaka kuphulika cha pa makilomita 30. Kabokosi kamatsika ndi parachuti. Ulendo wonse ndi maola awiri kapena atatu.

Ambiri amalakwitsa popopa chibaluni. Akaumira helium, chibaluni chimakwera mwaulesi, nthawi zina osaphulika n'komwe, mphepo n'kupita nacho. Dziko lathu ndi lopapatiza: kuchedwa ola limodzi m'mwamba kungagwetsere zipangizo m'nyanja kapena ku Mozambique. Choncho gulu lililonse liyeze mphamvu yokoka ya chibaluni ndi botolo la madzi lolemera moyenera lomangirira pakhosi pake, ndipo m'mawa wa tsikulo lione pa SondeHub, tsamba la pa intaneti lolosera njira ya zibaluni, komwe chikagwere. Malo akaoneka oipa, ulendo uimitsidwe, ngakhale alendo olemekezeka atakhala kale pamipando.

Kuzizira nako n'koopsa. Kuno kotentha, pa makilomita 16 kapena 17 kumazizira kupitirira madigiri 70 pansi pa ziro. Mabatire wamba amafa; pamafunika a lithium, m'kabokosi ka styrofoam, pulasitiki yopepuka yotchinga kuzizira. GPS zambiri zimaleka kupereka malo zikadutsa makilomita 18, ndipo za kampani ya u-blox zimafuna kuikidwa pa airborne mode (kuti zigwire ntchito m'mwamba) zisananyamuke. Foni siithandiza m'mwambamo chifukwa netiweki imatha msanga. Kawailesi ka LoRa (kofika kutali ndi mphamvu yochepa) ka 434 MHz ndiko kodalirika potumiza uthenga wa komwe kabokosi kali.

Malamulo a ICAO, bungwe la padziko lonse loona za maulendo a ndege, amati chibaluni ndi chopepuka ngati katundu wake sakwana makilogalamu 4, ndipo chingwe chomangira katunduyo chizitha kuduka ndi mphamvu yosafika manyutoni 230 (ngati kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 23). Lamulo la mpikisano lingoti kilogalamu imodzi basi.

Pakabokosi palembedwe m'Chichewa ndi m'chinenero cha deralo kuti si koopsa, ndi nambala yoimbira. Chinthu chogwa kumwamba pamudzi chingatenthedwe ana asanafike, choncho apolisi ndi mafumu adziwitsidwe.

Pogamula, musatengeke ndi zithunzi zokongola kapena kutalika kwa ulendo. Apambane amene anafunsa funso lomveka, monga ngati nthanga za chimanga zimamerabe zikabwerako, nasunga zina pansi zoyerekezera.

Ndife anu,
Aphunzitsi a sayansi