Mapiri athu akusowa mabuku otsogolera okwera, olembedwa m'chinenero chathu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya okwera mapiri, omwe akuchulukirachulukira m'dziko muno. Loweruka lililonse mumaona magulu akulowera ku Michiru, ku Ndirande, ku Bunda, ku Nkhoma, ku Zomba ngakhalenso ku Mulanje. Ena amakalimbitsa thupi, ena amakapemphera, ena ndi ana asukulu amene abwera ndi aphunzitsi awo. Zimenezi zimandisangalatsa kwambiri, chifukwa kale tinkaona ngati kukwera phiri popanda kukatola nkhuni ndi ntchito ya azungu okha. Chondidetsa nkhawa n'chakuti ambiri mwa anthuwa amanyamuka asakudziwa kuti njirayo ndi ya maola angati, madzi akapezeka pati, ndiponso nyengo ikasintha athawire kuti. Mabuku ofotokoza zimenezi alipo, koma ndi a Chingerezi, ndipo analembedwera alendo ochokera kunja.

Buku lodziwika kwambiri la phiri la Mulanje ndi Guide to the Mulanje Massif, la Frank Eastwood, lomwe linatuluka mu 1979. Mkuluyu ayamikike. Analemba njira ndi nsonga zimene anaziponda iye mwini, ndipo anakwera ndi zingwe thanthwe la kumadzulo kwa nsonga ya Chambe, lotalika mamita pafupifupi 1,700, lomwe okwera matanthwe padziko lonse amalipatsa ulemu. Bungwe la Mountain Club of Malawi, lomwe linayamba mu 1952, nalonso linakonza buku latsopanopo la njira za paphiripo. Ntchitoyi sindikuinyoza ngakhale pang'ono. Koma mayi wa ku Chitakale amene akutsogolera gulu la mvano, kapena mnyamata wa ku Mbayani amene wasonkha ndalama ndi anzake kuti akaone Dziwe la Nkhalamba, mabukuwa samufikira.

Komanso phirilo silili monga linalili mu 1979. Napolo wa mu March 1991 anakokolola ku Phalombe, ndipo namondwe Freddy mu March 2023 anasiya zipsera zimene aliyense wodutsa pamsewu amaziona m'mbali mwa phiri, pamene nthaka ndi miyala zinagumuka kuchokera pamwamba mpaka pansi. Pamene munthu ankawoloka mtsinje podumpha miyala iwiri, lero akhoza kupeza chigwembe. Mitengo ya paini imene inadzaza chigwa cha Chambe inadulidwa. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka ndi moto. Tsono buku likamakuuzani kuti mukhote mukafika pa nkhalango yakutiyakuti, nkhalangoyo kulibe, ndiye kuti bukulo layamba kusocheretsa anthu amene linkafuna kuwathandiza. Buku lotsogolera limayenera kumakonzedwanso pakapita zaka zingapo, ndipo okonzawo akhale anthu amene amaponda njirazo sabata ndi sabata.

Amene sanafikepo pamwamba pa Mulanje amaganiza kuti ndi phiri limodzi lokhala ndi njira imodzi. Pamwambapo pali zigwa zikuluzikulu za udzu, mitsinje, ndi nsonga zambirimbiri, ndipo nyumba zogona monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka, Minunu ndi Chisepo n'zotalikirana maola angapo. Taganizani za njira yochokera pa Chisepo kupita pa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002. Mumayamba ndi thanthwe lopendekeka lomwe mumakwera ndi manja ndi miyendo. Kenako mumafika pa miyala ikuluikulu yosanjikizana, pena mumachita kuvula chikwama n'kuchikankha patsogolo kuti mukwawe pansi pake. Chokutsogolerani ndi timizere ta penti yofiira pa miyala. Kukacha bwino timaoneka. Koma chiperoni chikabwera, chifunga chimakuta m'mphindi zochepa, thanthwe limanyowa n'kuyamba kuterera, ndipo kamzere kotsatira simukaona ngakhale kali pafupi. Mu June ndi July madzi amatha kuundana usiku pamwambapo. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands anasowa pa njira imeneyi, ndipo mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anafera komweko. Onsewa anali okhaokha pa nthawi imene tsoka linawagwera. Nkhani zawo zinamveka kutali chifukwa anali alendo, koma chifungacho sichisankha.

Monga mphunzitsi, ndimaona ana akubwera ku ulendo wa paphiri atavala masilipasi, atanyamula jumbo ya mandasi ndi kabotolo kamodzi ka madzi, opanda juzi. Makolo awo sanalakwe. Kumusi kukutentha, ndiye angadziwe bwanji kuti pamwamba mwana akanjenjemera mpaka mano kugundana? Tsamba limodzi la Chichewa lonena zoyenera kuvala, zoyenera kunyamula, ndi ola lomwe muyenera kubwerera ngakhale nsonga musanaifike, likhoza kupulumutsa moyo. Safunsa anadya phula, inde, koma nafenso tiwapatse anthu pofunsira.

Pempho langa n'lakuti tikhale ndi mndandanda wa timabuku, phiri lililonse kabuku kake, kokwana m'thumba, kotsika mtengo. Mulanje yekha angafune timabuku tiwiri kapena titatu, chifukwa wolowera ku Likhubula ndi wolowera ku Fort Lister amayenda maulendo osiyana. Zomba akhale ndi kake, konena za Chingwe's Hole, damu la Mulunguzi, ndi Emperor's View pomwe anaima Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, mu 1965. Dedza aphatikizidwe ndi Chongoni, komwe kuli malo 127 a zojambula zakale za pamiyala amene UNESCO inawazindikira mu 2006. Ka Nyika katuluke m'Chitumbuka. Mapiri ozungulira Blantyre ndi Lilongwe, omwe ndiwo amakweredwa kwambiri ndi anthu wamba, asakhale omalizira. Ndipo popeza achinyamata athu ayamba kuphunzira kukwera matanthwe ndi zingwe, monga zikuchitikira ku Climb Malawi ku Lilongwe, iwonso adzafuna kabuku kawo konena kuti njira iyi ndi yovuta motani ndipo imafuna zida zanji.

Wina anena kuti n'zodula. Ku England, munthu mmodzi wogwira ntchito ku khonsolo, Alfred Wainwright, analemba mabuku 7 a mapiri 214 a ku Lake District pakati pa 1955 ndi 1966. Mawu, mapu ndi zithunzi zonse anachita kulemba pamanja ndi cholembera. Anthu akuyendabe nawo mpaka lero, ndipo njira zitasintha ena anawakonzanso. Chofunika kwambiri ndi miyendo, maso ndi kuleza mtima. Zimenezi tili nazo.

Nkhawa imene ndimailemekeza ndi ya otsogolera alendo ndi onyamula katundu a ku Likhubula ndi malo ena olowera. Iwo akhoza kuona ngati buku libwera kudzawalanda chakudya pakamwa, poti munthu akakhala ndi mapu aziti wotsogolera ndi wachiyani. Yankho langa n'lakuti eni mabukuwo akhale iwowo. Ndiwo akudziwa kuti pa njira zochokera ku Likhubula kupita ku Chambe, Skyline ndi yachidule koma yoimirira, pomwe Chapaluka ndi yozungulira ndipo imavuta mitsinje ikadzaza. Ndiwo akudziwa kasupe amene saphwa mu October, ndi phanga lomwe mungabisalemo mvula. Ndiwo amatumidwa kukasaka munthu akasowa. Nzeru zimenezi zakhala zikulowa m'mabuku a ena kwa zaka zambiri, maina a eni ake osaoneka. Ulendo uno maina awo akhale pachikuto, ndipo kabuku kakagulitsidwa alandirepo gawo. Kabukuko kanenenso mosapsatira kuti pa Sapitwa kapena pa nsonga ya Chambe musapite opanda wotsogolera, komanso kuti wonyamula katundu ndi munthu, ali ndi malire a zomwe angasenze ndipo ayenera kulipidwa moyenera.

Pali chinanso chimene mlendo sangalembe bwino. Mu 2025 UNESCO inaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi chifukwa cha chikhalidwe ndi chipembedzo cha Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amene amalizungulira. Tonse a kuno tinakula tikumva kuti ukapeza chakudya paphiri udye wekha, usaitane mnzako. Kaya munthu amakhulupirira kaya ayi, ayenera kudziwa kuti akuyenda pamalo pomwe ena amathira nsembe, ndipo si paliponse pofuulira kapena kutayapo mabotolo. Mafumu ndi akuluakulu afunsidwe kuti n'ziti zoyenera kulembedwa ndipo n'ziti zosayenera kutuluka.

Timabukuti tikhozanso kuikidwa pa intaneti kuti anthu azitumizirana pa WhatsApp. Koma pepala lisasowe, pakuti pamwamba netiweki imaduka m'malo ambiri, ndipo batire la foni limatha msanga kukazizira.

Ndikupempha a Dipatimenti ya Zankhalango, a Mulanje Mountain Conservation Trust, a Mountain Club of Malawi ndi a zokopa alendo kuti akhale pansi ndi mabungwe a otsogolera alendo. Ophunzira a University of Malawi ku Zomba ndi a MUST ku Thyolo ali pafupi ndi mapiriwa, ndipo angathandize kuyeza mitunda ndi kujambula mapu. Inunso akonzi muli ndi mbali yanu. Tipatseni tsamba limodzi pamwezi, tizisindikizapo njira imodzi ndi kamapu kake, owerenga azitikonza pomwe talakwitsa. Tiyambe ndi njira ya Likhubula kupita ku Chambe, yomwe anthu ambiri amayambira. Ine ndi ana a kalabu yathu ya zachilengedwe tili okonzeka kuyenda ndi otsogolera alendo, wotchi ndi kope m'manja, mukangotiuza tsiku lomwe mukufuna zolembazo.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wa kusekondale,
Mulanje