Kwa Mphatso, Wayezetsa Mokwanira

Mwana wanga Mphatso,

Nkhani zotere ine ndi iwe sitingakambirane maso ndi maso, ndiye ndangoti ndilembe. Amalume ako andiuza kuti wayezetsa kale kanayi: ku Gulupu kawiri, ku Zingwangwa kamodzi, kenako unadziyeza wekha ndi kachipangizo kopaka m'nkhama kaja. Konseko akuti ulibe HIV, chindokonso sanakupeze nacho. Koma akuti usiku umachezera pa intaneti, kukacha uli pagalasi kudziyang'ana lilime.

Tiye tiwerenge miyezi. Zimene zinachitikazo zinachitika mu Januwale. Akakubaya pachala, safufuza kachilombo kenikeniko, amafufuza asilikali amene thupi limapanga polimbana nako, ndipo asilikaliwo amachedwa kuoneka. N'chifukwa chake alangizi amati munthu abwerenso pakatha miyezi 3. Iwe komaliza unayezetsa mu Juni, patapita miyezi 5. Ngati kuchokera Januwale sunabwerezenso, zotsatirazo n'zoona, ndipo ngakhale utabayitsa zala zonse khumi sizisintha. Chinzonono kwa mwamuna kawirikawiri sichichedwa kudziulula: mkodzo umawotcha, mafinya amatuluka. Ukaona zotere, kapena chilonda kumaliseche, pita kuchipatala. Makapisozi ogula pamsika wa Limbe usayerekeze n'komwe.

Nanga thukuta la usiku, mtima kugunda, kutsegula m'mimba? Nkhawa imachita zonsezo. Munthu wosadya ndi wosagona amaonda, kenako kuondako kumamuopsanso.

Mantha akowa ndikudziwa kumene anachokera. Unali wamng'ono pamene tinkaperekeza azakhali ako kumanda a HHI, ndipo unaona m'mene anathera pamphasa. Nthawi imeneyo ma ARV anali a anthu andalama, aulere anadzayamba mu 2004. Ife tinkangonong'onezana osakufotokozerani kanthu ana inu, ndipo pamenepo tinalakwa. Lero anzanga ena amene ndimapemphera nawo amwa mankhwalawa zaka zambirimbiri, akulera zidzukulu.

Komanso ndikuona ngati chikumbumtima chikukuluma. Ukudziona ngati wolakwa amene wapulumuka chilango, ndiye ukungodikira kuti chifike. Zimenezo labotale singazipeze. Ukabwererenso kwa mlangizi uja, koma ulendo uno usakatambasule chala. Ukamuuze kuti tulo sukutiona, akakuthandize kapena akakulozere kwa oona za maganizo. Ngati pali wina amene unamulakwira, nkhani imeneyo ndi yako ndi iye, ine sindilowererapo.

Kondomu uziidziwa wekha. Ikadzang'ambika, pali mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP, oyamba kumwa pasanathe maola 72, ndipo amamwa masiku 28.

Mayi ako sindinawauze kalikonse, angodandaula kuti wasowa. Lamlungu ubwere kuno ku Chilomoni, akuti aphika nkhwani wotendera. Foni ija udzaisiye m'thumba.

Ndine bambo ako.