Ukatsika basi, uyambe wakaonana ndi mnzako

Mwana wanga,

Uthenga wako unafika Lachiwiri, ndipo mlongo wako anandiwerengera kawiri. Ukuti Disembala akubwerayu ukutsika ku Joni, ndipo ulendo uno ukudzakhaliratu. Usiku umenewo nsima inandikanika ndi chimwemwe. Kuno tili bwino, kupatula bondo lija lomwe limayamba kuwawa ndikangoti ndipite kudimba.

Chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi sewero la pa kanema. Seka ngati ukufuna. Kanema unatumiza uja wasandutsa khonde lathu kukhala ngati vidiyo sho ya pamsika. Ikamakwana 7 koloko madzulo ana adzaza kale pamphasa, azimayi pabenchi, ndipo magetsi akazima timalumikiza batire ya sola. Seweroli ndi la mnyamata amene anatchona m'tauni, kenako wabwerera kwawo. Wapeza mnzake wa paubwana ali pomwe anamusiya, mtsikana amene ankamufuna akudikirabe. Tsiku lomwe anatsika basi nyimbo inalira, awiriwo n'kukumbatirana, azimayi pakhonde pano n'kuimba nthungululu ngati ukwatiwo ndi wa mwana wawo.

Ochita sewerowo ntchito amaidziwa, sindikuwanyoza. Koma iwo zaka khumi amazidumpha ndi timawu tolemba pagalasi, mphindi imodzi basi. Ife zaka 8 zako sitinazidumphe, tinaziyenda tsiku ndi tsiku.

Mnzako uja wa ku Mpondasi amabwera kudzaonera nawo. Amakhala kumapeto kwa benchi, chipewa pabondo, salankhula zambiri. Tsiku lomwe mtchona wa m'seweroyo anagwada kupepesa mnzake, iye anangodzuka, n'kuti, "Mayi, ndikaone ana," ulendo. Palibe anazindikira, koma ine ndinaona.

Ndikukumbutse, mwina kwa azunguko kwakuiwalitsa. Unachoka mu 2016, patangotha chaka chimodzi boma litatumiza mabasi kukatenga anthu athu othawa zipolowe ku Durban, ambiri mwa iwo a kuno ku Mangochi. Amalume ako anakana kukupatsa thiransipoti, ati sangagule imfa ya mwana wa mlongo wawo. Inenso ndinakana. Amene anavomera ndi mnzakoyo. Anagulitsa njinga yake ya kabaza, ija ya khushoni yofiira yomwe ankaolotsera anthu pa mlatho wa Bakili Muluzi, ndalama n'kuzikulunga m'kapepala ka shuga, n'kukupatsira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Unkayesa sindikuona. Atatero anakhala zaka ziwiri akukoka makoka a eni ake, manja ong'ambikang'ambika, malipiro ake kambale ka usipa. Iwe unamuimbira miyezi yoyamba yokha.

Sanabwerepo kudzanditchula ngongoleyo, ngakhale kamodzi. Bambo ako atamwalira iwe ulibe mapepala odutsira pa Beitbridge, iye anali m'gulu la adzukulu, ndipo matabwa a bokosi anakatenga ndi iyeyo. Madzi atakwera mu 2024, mpaka kulowa m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, anabwera ndi ngolo kudzasamutsa matumba anga a chimanga ndisanamutume.

Tsono tamvera. Usadzamupatse nambala ya ndalama yomwe anakupatsa ija n'kumati wabweza. Kwacha ya nthawi imeneyo si ya lero. Mu Novembala 2023 mokha anaitsitsa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ndalama zomwe zinkagula njinga masiku amenewo lero zingathere pa matayala. Ngongole yako ndi njinga, kuphatikizapo zaka ziwiri za m'madzi zija, zomwe sindikudziwa kuti udzazibweza bwanji. Usadzatume mwana, usadzatumize pa foni, ndiponso usadzamupatsire pagulu anthu akuona ngati mphatso ya bwana. Udzapite wekha kunyumba kwake, wapansi, ukakhale pamphasa, ukayambe ndi kupepesa. Akakakupatsa nsima ya kambuzi ukadye mpaka mbale iyere. Tinawaona anzako ena obwera ndi mawilesi aakulu ngati kabati, tcheni m'khosi, kumayankha anthu m'Chizulu pa M'baluku. Pofika Malichi wilesi ili pamsika, akusaka thiransipoti yobwererera.

Za mtsikana uja ndinena mwachidule, poti ndikudziwa ukufuna kufunsa koma ukuchita manyazi. Anadikira zaka zitatu. Pano ali pabanja ku Namwera, ana awiri. Sanalakwe. Ukadzakumana naye umupatse moni wa mkazi wa mwini, ndipo za WhatsApp usayerekeze. Ngati kumeneko uli ndi wina, auze amalume ako msanga, nkhani iyende ndi ankhoswe, tisadzangoona munthu akutsika basi ndi mwana kumbuyo.

Wanenanso zogula injini ya boti. Ndalamazo uzigwire kaye. Ukufika nthawi yomwe nyanja imakhala yotseka kwa a makoka, Novembala ndi Disembala, kuti chambo chiswane, ndipo chambo chomwecho si chija unachisiya. Masiku ano ife eni nyanjafe timachidya pa chikondwerero. Mnzakoyo pano ali ndi mathandala ake oyanikira usipa ku Makawa, amatumiza matumba ku Limbe ndi ku Lilongwe. Amadziwa mwezi womwe mwera umagoneka maboti padooko, amadziwa woba mafuta ndi wokhulupirika. Iwe ukudziwa misewu ya ku Johannesburg. Pa za nyanja udzakhala mwana wa sukulu kwa iye, ndipo uvomere zimenezo usanatsike basi. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka, inde, koma kwanuko anthu sanaime kukudikira ngati a m'kanema.

Chipinda chako mlongo wako wachotsamo matumba, tatsala n'kuzira pansi. Undigulireko mankhwala opaka pabondo aja unatumiza chaka chatha, anandithandiza. Ukadutsa pa Mwanza uimbe kuti tiphe tambala.

Mnzakoyo sindinamuuze kuti ukubwera, ndipo mlongo wako ndamuletsa. Amve kwa iwe. Nambala yake ndi yomwe ija, sanasinthe.

Ndine mayi ako.