Za mtsempha wanu wotupawo

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Leeds pamodzi ndi alamu. Kuno tonse tili bwino.

Nkhani yanu yandikhudza kwambiri. Mwati atakuitanani kukaunikidwa, monga amachitira ndi amuna ofika zaka 65 ku England, apeza kuti aorta, mtsempha waukulu wodutsa m'mimba, watupa kufika masentimita 4. Mukudandaula kuti sanakupatseni mankhwala oti uphwe. Musaganize kuti akunyalanyazani, mankhwala otero sanapezeke.

Khoma la mtsemphawu limalimba ndi mapuloteni awiri: collagen woulimbitsa, ndi elastin woulola kutamuka n'kubwerera mtima ukagunda. Khomali likavulala, maselo oyera a magazi amathamangirako, n'kutulutsa ma enzyme odula mapuloteni, makamaka MMP-9, MMP-12 ndi neutrophil elastase. Si oipa ayi. Ndi amene amachotsa mnofu wowonongeka kuti chilonda chipole. Woyamba wa mtundu wa MMP anaupeza Jerome Gross ndi Charles Lapiere mu 1962, m'mchira wa mwana wa chule womwe umasungunuka akamakula. Thupi lilinso ndi zowaletsa, monga TIMP ndi alpha-1 antitrypsin. Vuto limabwera maselowo akakhazikika m'khomamo zaka ndi zaka, odulawo n'kuchuluka kuposa owaletsa. Elastin wa munthu wamkulu akadyeka sabwereranso bwino. Mukukumbukira teyala la njinga likaperepeseka, chubu chimatulukira pambali ngati chotupa, ndipo mukamapopa chimangokulirakulira? Ndi zomwezo.

Madokotala anayesa mankhwala otchedwa doxycycline, chifukwa amafooketsa ma MMP. Zotsatira za kafukufuku wa ku Netherlands mu 2013 ndi wa ku America mu 2020 zinasonyeza kuti kutupako sikunaleke kukula. Choncho wina akakutsatsani mankhwala pa intaneti, ndalama zanu musataye.

Koma fodya, Achimwene, fodya. Apa ndiye ndikuchondererani. Utsi umaitana maselo aja kuti achuluke, komanso umawononga alpha-1 antitrypsin, ndiye elastase amadula popanda womugwira dzanja. Mwa osuta, chotupa chotere chimakula msanga ndipo chimaphulika kawirikawiri kuposa mwa amene anasiya. Ndikudziwa kuti munayamba tili anyamata ndipo kusiya si masewera, koma kumeneko kuli chithandizo chaulere cha ofuna kuleka. Funsani adokotala anu sabata ino. Mankhwala a BP nawonso musadumphitse.

Pa masentimita 4 azikuunikani kamodzi pachaka. Ukafika 4.5 ndi miyezi itatu iliyonse, ndipo pa 5.5 mpamene amakambirana za opaleshoni. Tsiku loti mukaunikidwe lisakupiteni, ngakhale mukumva bwino, poti matendawa sapweteka. Mukamva ululu waukulu mwadzidzidzi m'mimba kapena kumsana, imbani 999 nthawi yomweyo, ndipo alamu nawonso adziwe zimenezi.

Mundiuze zomwe adokotala anena pa za fodyazo. Moni kwa onse.

Ndine mnzanu wa kalekale.