Odwala khansa omwera mankhwala kunyumba akhale ndi namwino wowatsatira

Akonzi,

Tiloleni tiyankhuleko pa mbali ina ya chithandizo cha khansa imene siitchulidwa kawirikawiri. Pakamakambidwa za matendawa, ambiri amathamangira ku nkhani ya makina ndi nyumba za ku Kamuzu Central ndi ku Queen Elizabeth, ndipo sitikutsutsa. Koma ena mwa mankhwala a khansa ndi mapiritsi, amene wodwala amakamwera kwawo ku Nsanje kapena ku Chitipa, kutali ndi dokotala amene anamulembera. Chithandizo chimadukira kumeneko.

Pempho lathu ku Unduna wa Zaumoyo ndi lakuti aliyense wopatsidwa mapiritsiwa akhale ndi namwino mmodzi womudziwa dzina, nambala yake ya foni ilembedwe m'buku la kuchipatala la wodwalayo, ndipo woimba azikhala namwinoyo. Wodwala wa kumudzi saimbira chipatala. Amaopa kuvutitsa, mwinanso mayunitsi alibe.

Tiyambe ndi capecitabine, amene amaperekedwa pa khansa ya m'matumbo ndi ya m'mawere, chifukwa ndiye amasokoneza anthu kwambiri. Amamwedwa kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, pasanathe mphindi 30 munthu atadya, kwa masiku 14, kenako n'kupuma masiku 7. Ena amangopitiriza osapuma poganiza kuti achira msanga. Ena akaiwala m'mawa amaphatikiza onse madzulo, zomwe n'zoopsa: amene waiwalika waiwalika basi, ndipo ukasanza sumwanso ena. Namwino aziimba pa tsiku la 3, la 7 ndi la 14. Asamafunse kuti "mukumwa bwinobwino?" chifukwa mwaulemu wathu aliyense amavomera. Auze wodwala kapena gadiyani wake kuti awerenge mapiritsi otsala foni ili kukhutu. Wolemberedwa mapiritsi 3 m'mawa ndi 3 madzulo amatenga 84, ndiye pakutha pa tsiku la 7 payenera kutsala 42. Akatsala 60, pali chimene sichikunenedwa, ndipo nthawi zambiri ndi nseru, zilonda za m'kamwa, kapena kusowa chakudya cham'mawa chomwera mankhwalawo.

Pa foni yomweyo afunse za zikhatho ndi mapazi. Zikayamba kufiira, kupweteka kapena kusupuka, dokotala amatha kuimitsa kaye kapena kuchepetsa mlingo, ndipo mafuta odzola osanunkhira amathandiza. Wotsekula m'mimba maulendo 4 kuposa masiku onse, kapena usiku, aime kaye kumwa, amwe Thanzi, adziwitse namwino tsiku lomwelo. Thupi likatentha kufika madigiri 38 si nkhani yogula panado pagolosale n'kumati ndi malungo. Mankhwala a khansa amatsitsa asilikali a m'magazi, choncho matenda ochepa atha kupha munthu m'masiku owerengeka. Apite kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo, buku lake lili m'manja.

Vuto la tamoxifen ndi lina. Ndi piritsi limodzi la 20 mg pa tsiku, koma kwa zaka 5 kapena kupitirira. Mayi wachitidwa opaleshoni ya bere, bala lapola, akulima ngati kale, ndiye amweranji mankhwala omutenthetsa thupi ndi kumutulutsa thukuta usiku? Apa pafunika womufotokozera mobwerezabwereza kuti piritsili likutchinga khansa kuti isabwerere, ndipo foni ya kamodzi pa mwezi ndi yokwanira. Auzidwenso kuti asatenge pakati ali pa mankhwalawa, komanso kuti mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, akamabanika, kapena akataya magazi kumaliseche mosayembekezera, asadikire tsiku la sikelo yake.

Omwa imatinib pa khansa ina ya m'magazi nawonso amasiya kapamba wotupa ndi matendawa akaphwa, matendawo n'kubwerera ali okanika. Namwino adziwe ngati wodwalayu wayamba mankhwala a TB, chifukwa rifampicin, mmodzi mwa mankhwalawo, amafooketsa imatinib. Afunsenso za mankhwala azitsamba, mosakalipa. Ukakalipa, mawa sakuuza.

Ndiye pali mofini wamadzi, amene achibale ambiri amamuopa ati ndi wa anthu otsala pang'ono kutisiya. Zotsatira zake, amam'patsa wodwala pokhapokha akayamba kubuula. Mofini amamwedwa maola 4 alionse ululu usanabwerere, poyeza ndi sirinji, osati supuni ya tiyi. Amadzimbitsa pafupifupi aliyense, choncho mankhwala ofewetsa m'mimba monga bisacodyl ayambire limodzi tsiku loyamba. Ambiri osiya mofini amasiyira kudzimbidwa kumeneku.

Zonsezi si zachilendo kwa ife a Malawi. Pa ma ARV tili ndi kaundula, timawerenga mapiritsi, ndipo wojomba tsiku lake amalondoledwa mpaka pakhomo. Odwala khansa ya Kaposi, amene ambiri ali pa ma ARV, amaona okha kusiyana kwake: mbali imodzi amafunidwa akasowa, mbali inayo ayi. Chofunika ndi foni ya wodi ya khansa yokhala ndi mayunitsi a mwezi ndi mwezi, kaundula wa masiku oimba, nambala ziwiri pa wodwala aliyense, yake ndi ya gadiyani, ndiponso maola oikidwa pandandanda wa ntchito kuti namwino asamaimbe ataweruka. Namwinoyo aziimbanso patatsala sabata kuti mankhwala athe, atatsimikiza kufamase kuti alipo, kuti munthu asagulitse mbuzi n'kukwera basi ya ulendo wautali kukapeza mashelefu opanda kanthu. Wodwala akapanda kupezeka pa foni kawiri, uthenga upite kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake kuti akamuone pakhomo sabata yomweyo.

Ife,
Anamwino osamalira odwala khansa