Kwa akampani yonyamula mafuta ija: seal yoduka ndi yanu, nanga K340,000 mwandidula yachani?

Akuluakulu a kampani imene mumandibweretsera petulo ndi dizilo pa filling yanga kuno ku Kasungu, dzina lanu sinditchula lero koma mukudzidziwa. Ku inbox ndalemba mpaka kutopa, foni ya ku ofesi kwanu imangoitana, ndiye ndabwera pagulu kuti nawonso anthu amve.

Mwezi wathawu thankala yanu inafika chakumasana, ine ndinakwera pamwamba delivery note ili m'manja monga timachitira nthawi zonse, kufananitsa manambala a ma seal, tizingwe tapulasitiki totsekera zivundikiro ndi mavalavu, amodziamodzi ndi omwe analembedwa ku depot pothira. Zipinda zina zonse bwinobwino. Chipinda chachitatu, cha petulo, seal ya pa valavu yapansi nambala yake ina, yapapepala ina. Ya pachivundikiro chapamwamba inali yoduka ndipo wina anangoilumikiza ndi kawaya kakopa, labala ya chivundikirocho yong'aluka, m'mphepete monse monyowa, fungo la petulo mpaka maso kuyabwa. Ndinajambula zithunzi dalaivala wanu ali pompo ndipo ndinakana kutsitsa. Dalaivalayo sindikumunamizira kanthu, anali waulemu ndithu, anangoimba foni kwa inu nkudikira mpaka munamuuza kuti abwerere.

Kenako ndikuona pa statement mwandidula K340,000 pa ndalama zomwe ndinalipiriratu, ati yochedwetsa galimoto. Ndachedwetsa ine? Chikhalirecho pampu yanga ya petulo inakhala youma, makasitomala akungotembenuka kupita kwina.

Ndinanyamuka mbandakucha kupita ku ofesi kwanu ku Kanengo, ulendo wokhawo unandidyera K62,500, ndakhala pabenchi kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka, kenako nkundilozera kwa bambo wina wachinyamata amene ati ndi woona za ma delivery. Abale anga, mpando sanandipatse, moni sanayankhe, maso ali pafoni. Ndawaikira zithunzi patebulo iwo kuzikankha ndi chala chimodzi nkunena kuti "madala, kachingwe kapulasitiki komweka mwachokera nako ku Kasungu? Mukanangotsitsa bwenzi zatha, enanu mumakonda kuvuta." Anzawo mu ofesimo kuseka. Ine munthu wamkulu, wa imvi, kasitomala wanu wa zaka zambiri, kundiseka ngati ndabwera kudzapempha ufa. Nditafunsa za abwana akuti atuluka, nditafunsa pepala lolembapo dandaulo akuti kulibe, "mungobweranso."

Bambo inu, ngati ku ntchito kwanuko sanakuphunzitseni, kachingwe mukukanyozako ndi umboni okhawo oti chitsekereni ku depot palibe amene watsegula chipindacho panjira. Kakaduka kapena nambala ikasiyana ine ndidziwa bwanji kuti mafuta sanapopedwe, kapena kuti sanathiremo palafini ndi madzi kuti dip, mulingo wa mafuta pa ndodo yoyezera, ikwane? Ndikathira zimenezo mu thanki yanga yapansi ndiye kuti ndaononga ndi mafuta abwino omwe analimo kale, ma injini a anthu akafa adzalozedwa chala ndine, a MERA, bungwe loona za mafuta ndi magetsi, akabwera kudzatenga sample adzatseka filling yanga osati ofesi yanu.

Koma ndalama ndi nkhani yaing'ono poyerekeza ndi labala yong'aluka ija. Kumbuyo kwa thankala yanu mwapachika nokha chikwangwani chofiira cha malawi amoto ndi nambala 3, komanso 1203 kusonyeza kuti muli petulo. Mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mpweya wamba, sukwera kumwamba, umayenda pansipansi, ndipo pafupi ndi filling yanga pali anyamata okazinga chipisi pa chiwaya, pali amayi a zitumbuwa ndi mbaula zawo. Galimoto imeneyi yadutsa M1 yonse ikutuluka mpweya, pa Lumbadzi, pa Mponela, malo odzadza anthu. Mwaiwala za ku Caphiridzange m'chigawo cha Tete mu November 2016? Thankala yochokera ku Beira yobweretsa mafuta kuno ku Malawi inaphulika anthu akutunga petulo, anthu oposa 70 anafa, ena ambiri kupsa koopsa, ndipo panali ana. Inu mukundiuza kuti ndikanangotsitsa?

Anzanga a ma filling, nanunso madalaivala, tandiuzeni ngati ndalakwa pamenepa. Alipo mwa inu amene angasaine delivery note seal itamangidwa ndi waya?

Zomwe ndikufuna nazi. K340,000 ibwerere ku akaunti yanga, muonjezepo K62,500 ya ulendo munandiyendetsa pachabe uja. Mundilembere kalata yofotokoza kuti seal ija inaduka kuti ndipo nambala yachilendoyo inachokera kwa ndani, komanso thankala imeneyi isabwerenso pakhomo panga musanasinthe labala. Ndipo bambo aja andiimbire okha apepese. Mukapitiriza kukhala chete sabata ino ikatha, zithunzi zonse, nambala ya galimoto ndi delivery note ndikukazisiya ku MERA ndi ku CFTC, bungwe loteteza ogula, dzina lanu ndilemba pompano mwa zilembo zikuluzikulu, ndipo order yanga yotsatira ipita kwa ena.